Mizere ya Kuseri kwa Nyenyezi ya ku Bama

Oshawa, 5 Febuluwale 1995

Amake Overtone,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, ana ndi bambo. Ine ndili bwino kupatula zala, zomwe zimachita dzanzi m'mawa uliwonse. Kuno kwazizira moti sipanala ukaigwira wopanda magolovesi imamatirira pakhungu.

Ndatumiza madola 150 ku banki ya pa boma pa Ntcheu. Mulipire fizi ya Overtone, yotsalayo mugule chimanga tsopano lino, musadikire Malichi. Nsapato za Kettie zidikire, phazi lake likukulabe.

Munafunsa chimene ndimachita Loweruka poti sindioneka ku misonkhano ya a Malawi ku Scarborough. Kuseri kwa galaja ya abwana anga, a Norbert, kuli shedi, ndipo m'shedimo muli kasinja wa nkhondo yachiwiri ija. Ndi chigalimoto chachitsulo cha matani makumi atatu, choyenda pa maunyolo, mzinga uli kutsogolo. Anakhala zaka makumi atatu pabwalo la holo ina, zitseko zitawotcheredwa, mkati muli mbewa zokhazokha. A Norbert anayendetsa wotere ku Italy ali mnyamata. Tsopano ali ndi zaka 73, ndipo alumbira kuti kasinjayu ayenda yekha mumsewu pa 11 Novembala, pokumbukira zaka makumi asanu chithere nkhondo. Madala asanu amabwera kudzathandiza. Thandizo lawo ndi kumwa khofi ndi kundiuza kagwiridwe ka sipanala. Injini inauma gwaa. Timathira mafuta m'mabowo n'kudikira sabata ina.

Za mamendulo a bambo ndamva. Mwati asilikali akale a Keyala, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda lija, amene adakali moyo aitanidwa ku chipilala cha ku Zomba mu Novembala, ndipo bambo akuti sangakaime pamzere pachifuwa pali mbee ngati munthu amene anathawa nkhondo. Auzeni kuti mamendulo onse anayi ali bwino. Ali pouma, palibe amene akuwagwira. Novembala adakali kutali.

Moni kwa onse,
Wyson

Oshawa, 2 Epulo 1995

Amake Overtone,

Kalata yanu ndalandira, ndakondwa kuti malungo a Kettie atha. Ine ndili bwino. Chipale chayamba kusungunuka, ndipo zinyalala zonse zimene anthu anataya chiyambire Disembala zatulukira poyera.

Muli madola 120. Mwati mbuzi yaikazi ija yabereka awiri. Musagulitse, ngakhale a Matthew ogula mbuzi aja akubwera ndi mtengo wokoma. Iwo sabwera ndi mtengo wokoma popanda chifukwa. Madokotala a maso akadzafika pa chipatala muwatengere bambo, ngakhale ndamva kuti ng'ala yatseka maso onse awiri.

Injini yatembenuka, pang'ono ngati chikhadabo, ndipo madala anakumbatirana. A Norbert ali ndi lamulo limodzi: pa kasinja pasaoneke chinthu chatsopano. Chitsulo chikasowa ndimachisema ndekha pa makina, kenako ndimachiviika mu viniga ndi mchere, n'kuchipaka oyilo wakuda, mpaka chifanane ndi zinzake za 1943. Sabata yatha ndinawapatsa mabawuti awiri kuti aloze latsopano. Analoza lakale. Akuti sanaonepo munthu wodziwa kukalambitsa chitsulo ngati ine.

Mwandikumbutsa kuti mamendulo ndinawatenga ponena kuti ndikawaonetsa ku ofesi ya asilikali akale kuno, kuti mwina bambo azilandira kangachepe. Sindinaiwale. Ndinapitadi, nditangofika mu 1993. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando ndi khofi, kenako anandiuza kuti iwo amaona za asilikali a Canada okha, a Keyala ndi nkhani ya ku London. Ndinayenera kukuuzani nthawi yomweyo. Ndinaona ngati ndi bwino bambo azidikira kusiyana n'kuti asiye kudikira.

Nanga bwanji sindinawabweze? Positi mukuidziwa. Wotchi ya Overtone ija inafika bokosi lokha. Ndikufunafuna munthu wodalirika wobwera kumeneko. Pali kena kake kakang'ono koti ndikonze kaye, koma si nkhani ya m'kalata.

Wanu,
Wyson

Oshawa, 28 Meyi 1995

Amake Overtone,

Moni nonse. Ndili bwino, ndipo ndikuthokoza kuti mwakolola ngolo ziwiri ngakhale mvula inadula msanga. Muli madola 150. Mugule mankhwala a anankafumbwe musanathire chimanga m'matumba. Bambo muwauze kuti ndikuwafunira zabwino, za mamendulo zikuyenda.

Tsamba lachiwirili musawawerengere bambo. Mukatha kuwerenga muike pamoto.

Mwalemba kuti, “Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndakhala nanu, ndimadziwa mukamazungulira chulu.” Chabwino.

Tsiku lomwe ndinachoka ku ofesi ija ndinapitiriza kufuna ntchito, mamendulo ali m'thumba la jekete. Magalaja asanu ndi awiri anali atandikana kale, ati ndilibe luso la kuno, ngati kuti injini ya ku Blantyre imazungulira chammbuyo. Kwa a Norbert kunali kwachisanu ndi chitatu. Potulutsa satifiketi yanga mamendulo anagwera pa kauntala. Mdala uja anatola mendulo yooneka ngati nyenyezi, nati, “Iyi ndi ya ku Bama. Ndi ya ndani?”

Ndinati, “Ya bambo anga.”

Anavula kapusi. Muyenera kudziwa kuti kuno mwana sayenda ndi mamendulo a bambo ake iwo ali moyo. Amawalandira maliro atatha. Ndiye anandigwira paphewa nati, “Pepa mwana wanga. Anatisiya liti?”

Amake Overtone, ndinali ndi madola khumi ndi limodzi m'thumba, ndikugona pansi m'nyumba ya eni. Ndinaona nkhope yake itafewa, yoyamba kufewa chifikire. Ndinati, “Chaka chatha.”

Lolemba ndinayamba ntchito.

Patatha mwezi anapempha kuti mamendulo akhale m'shedi pafupi ndi kasinja, kuti mnzawo wa nkhondo asakhale m'sutikesi. Bokosi anapala okha, lathabwa labwino ndi galasi, n'kulikhomera kukhoma. Pansi pali kachitsulo ka mkuwa kolembedwa kuti Yotamu Ngozo, 1921 mpaka 1992. Novembala wathayu dzina la bambo linawerengedwa m'holo pamodzi ndi akufa, lipenga likulira, ine nditaweramitsa mutu pamzere wakutsogolo. Mayi wina anandipatsa maluwa.

Mwezi womwewo munandilembera kuti bambo agwa pakhonde. Mukudziwa kuti sindikhulupirira za malodza, sayansi ndinakhoza bwino pa Fomu 4. Koma ndinakhala masiku atatu chakudya chisakulowa. Kwathu munthu wamoyo samulira.

Tsono mamendulo ali pouma ndithu, palibe akuwagwira. Pamenepo sindinaname.

Wyson

Oshawa, 16 Julaye 1995

Amake Overtone,

Ndikhulupirira muli bwino. Kuno kwatentha ngati ku Balaka, ndipo azungu akuyenda osavala mokwanira. Mwezi uno muli madola 90 okha, chifukwa chake muchiona m'munsimu. Denga la khitchini lidikire.

Bambo muwauze kuti mamendulo akubwera ndi a Agness, namwino wa ku Scarborough, kwawo ku Dedza. Anyamuka pa 29 ndipo adzatsika pa Nsipe kudzakupatsani pamanja.

Zotsatirazi ndi zanu nokha.

Mwati ndingowauza abwana zoona. Kunena n'kosavuta muli ku Nsipe. Mapepala anga okhalira kuno ali ndi siginecha yawo. Komanso injini yalira Loweruka lapitalo. Inatulutsa utsi wakuda mpaka oyandikana nawo anaitana ozimitsa moto, ndipo a Norbert anakhala pa mpando wa dalaivala misozi ili chuchuchu. Atatsika anatenga penti yoyera. Asilikali akale ankapatsa akasinja awo mayina. Iwo analemba pambali ndi zilembo zotalika ngati mkono wanga: YOTAMU. Anandipatsa bulashi kuti ndimalize chilembo chomaliza, ndipo ndinamaliza. Munthu wotere, wa mtima wodwala, ndimuyambe bwanji? Bambo sanakwerepo n'komwe kasinja. Ankatiuza kuti ku Bama ankayenda pansi m'matope, bokosi la zipolopolo lili pamutu.

Ndapeza njira ina. Ku Toronto kuli sitolo yogulitsa zinthu zakale za nkhondo. Mwini wake ananditsegulira dirowa yodzaza mamendulo, ngati mabatani kwa telala. Mamendulo a nkhondo imeneyi sankalembedwa mayina, onse ndi ofanana. Ndagula anayi omwewo, nyenyezi ziwiri ndi ozungulira awiri, pa madola 60. Timaliboni tinali towala kwambiri, ndiye ndatiika mu tiyi n'kutiyanika padzuwa masiku anayi. Nsonga imodzi ya nyenyezi ya ku Bama ndaipinda pang'ono monga ilili ya bambo. Ndinaima pa bokosi la galasi, anga ali m'manja, ndipo ine ndemwe sindinathe kusiyanitsa.

A Agness sakudziwa kanthu. Bambo saona. Akaima nawo ku Zomba, a Norbert akhala ndi bokosi lawo, palibe amene waluza. Ndaliganiza mbali zonse ndipo sindikupezapo cholakwika, kungoti tulo sindikugona bwino. Mwina ndi kutenthaku.

Wanu,
Wyson

Oshawa, 10 Seputembala 1995

Amake Overtone,

Kalata yanu yafika Lachinayi. Ndili moyo. Muli madola 150, mugule feteleza mitengo isanakwerenso.

Ndawerenga kasanu. Mwati bambo analandira kaphukusi atakhala pakhonde, a Agness ali pomwepo. Anamasula, nayeza kulemera kwake m'dzanja, nanunkhiza maliboni. Kenako anatembenuza nyenyezi ya ku Bama, nayendetsa chala chachikulu kuseri kwake, kawiri. Ndiye anati, “Mwini wake wa iyi anali ndi mwayi. Sanataye mnzake ndi mmodzi yemwe.” Anakulunga bwinobwino napempha madzi akumwa.

Mwati inu ndi amene munachita kuwafunsa, ndipo anakuuzani kuti kuseri kwa nyenyezi yawo kuli mizere isanu ndi iwiri, imene anakanda ndi msomali tsiku lomwe anailandira. Mzere umodzi, munthu mmodzi wa kwathu amene anatsala m'matope muja. Ku Zomba sakafuna kuonetsa chifuwa. Akufuna lipenga likamalira, chala chili pa mizereyo.

Ine sindinadziwe. Ndinakula nyenyeziyo ili m'chitini cha masikono pansi pa bedi, ndinaiwolotsa nyanja, ndinaiyeza nsonga ndi nsonga kuti ndipange inzake. Kuitembenuza ayi. Dzulo ndinaima pa bokosi lija nthawi yaitali. Nyenyezi inagona chagada pa nsalu yofiira, ndipo bokosi ndi lomangidwa kukhoma ndi masikuluwu asanu ndi atatu.

A Agness abwerako. Anandipeza kunja kwa tchalitchi ku Scarborough, pamaso pa anthu. Anati, “Achimwene, mwandiyuza. Ndinagwada pamaso pa agogo aja ndi zinthu za feki m'manja. Anandithokoza mpaka ndinachita manyazi. Inu mumagona?” Ndinati nkhaniyi ndi yovuta kuilongosola. Anati, “Ayi, ndi yophweka kwabasi, yovuta ndinu.”

Mwati bambo sanatchule dzina langa chiyambire tsikulo, koma afunsa kawiri mtengo wa basi ya ku Zomba. Ndinaganiza zokanda mizere pa nyenyezi ina n'kutumizanso. Ndingathe, ndipo ingaoneke ya zaka makumi asanu. Ndakuuzani kuti mudziwe mtundu wa munthu amene munakwatiwa naye.

Wyson

Oshawa, 15 Okutobala 1995

Amake Overtone,

Moni kwa inu ndi ana. Kalatayi ikafika mwina mudzakhala mutalandira kale uthenga wa foni kudzera kwa abusa. Mamendulo enieni anyamuka pa ndege ndi kampani yonyamula katundu mwachangu. Mukawatenge ku ofesi yawo ku Blantyre, mutenge chitupa. Musatume munthu. Ndalama mwezi uno palibe, yapita kumeneko.

Ndinadikira Maloweruka anayi. Loweruka lotsatira, madala atapita kukadya, tinatsala awiri mkati mwa kasinja tikumanga mabuleki. Mkatimo ndi mopanikiza, munthu sungathawe maso a mnzako, koma sungamenyedwenso bwinobwino.

Ndinati, “Bwana, bambo anga ali moyo.”

Anati, “Inde mwana wanga, ali moyo mumtima mwako. Ndipatse sipanala.”

Ndinati, “Ayi, ali moyo ku Nsipe. Ali ndi zaka 74, amadya kawiri pa tsiku, ndipo akufuna mamendulo awo.”

Ndinafotokoza zonse, za magalaja asanu ndi awiri, za sitolo ya ku Toronto, za tiyi. Pa tiyipo anatseka maso. Kenako anati, “Ndinamuimbira lipenga munthu ameneyu. Ndinalipira misa.” Ndinati ndikudziwa, ndinalipo. Anati, “Ntchito ndikanakupatsabe, chitsiru iwe. Ndinali nditaona kale manja ako.”

Mawu amenewo ndi amene andipweteka kuposa onse.

Anatuluka movutikira, natenga sikuludiraiva. Ndinafuna kuthandiza, anandikankha ndi chigongono. Anamasula masikuluwu onse asanu ndi atatu okha. Anatulutsa nyenyezi, naitembenuza. Mizere ilipo, amake Overtone. Isanu ndi iwiri, yokhotakhota, wachinayi ndi wozama kuposa inzake. A Norbert sanafunse tanthauzo lake. Anangowerenga ndi chikhadabo, nati, “Ine ndili ndi atatu.” Anakulunga okha, nandiyendetsa pa galimoto mpaka ku ofesi ya kampaniyo, naima pambali kuonetsetsa kuti ndalipira.

Sanandichotse ntchito. Amandilankhula za ntchito zokha: bweretsa, gwira, manga. Khofi wanga, yemwe ankandithirira m'mawa uliwonse, ndikudzithirira ndekha. Kachitsulo ka mkuwa kaja anakachotsa n'kundipatsa m'manja. Kali m'thumba la ovolosi. Sindikudziwa kuti munthu amataya kuti chinthu chotere.

Mwambo wa ku Zomba ndi Lamulungu pa 12. Munyamuke Loweruka, mukagone kwa alamu anu ku Chinamwali. Jekete la bambo mulichape msanga, ndipo muwatengere ambulera.

Wanu,
Wyson

Oshawa, 17 Disembala 1995

Bambo,

Ndikugwada pansi kupereka moni. Ndamva kuti mwendo ukuvutabe koma mukudya bwino. Ine ndili bwino.

Kalata ino ilibe tsamba lachiwiri. Apongozi anu, amake Overtone, andiuza kuti masamba achiwiri onse munawamva, chifukwa mumawerenga kulira kwa mapepala, ndipo akaima msanga mumati, “Pitirizani mayi, envulopu inali yolemera.” Ndiye mwadziwa kuyambira mu Juni kuti mwana wanu anakuikani m'manda kuti apeze ntchito. Mpaka tsiku limene a Agness anafika, munkanditumizira moni osatchulapo kanthu. Mukanandikalipira ndikanapepuka. Ndalakwa, bambo. Ndilibe mawu ena oti ndikongoletsere.

Ndamva kuti munaima ku Zomba pamzere wachiwiri, munakana mpando, ndipo lipenga litalira dzanja lanu linali pansi pa nyenyezi. Ndamvanso kuti munadandaula kuti tiyi anali wozizira.

Kuno kasinja anayenda pa 11. Anazima kamodzi pakati pa msewu, ndinalowa pansi pake anthu mazana akuonerera, nayendanso. M'holo, asanayambe kuwerenga mayina a akufa, a Norbert anaimirira nati, “Chaka chatha tinawerenga Yotamu Ngozo. Tinafulumira. Ali moyo, ndipo mawa akaima pa pelete kwawo.” Sananene kuti wolakwa ndani, koma munthu wakuda m'holomo ndinali ndekha. Madala anaomba m'manja. Mayi wa maluwa uja anandiyang'ana mpaka mwambo kutha. Dzina lanu pa kasinja akana kufufuta. Akuti wamoyo ndiye woyenera chinthu choyenda.

Kaphukusi kanu kafika. Ndinatsegula n'kupeza mamendulo anayi a ku sitolo aja, ndi mawu anu olembedwa ndi Overtone: “Awa ali ndi mwini. Ndi bambo wa munthu. Abwezeni.” Ndinapita ku sitolo kuja. Mwini sitolo anaseka, akuti amagula m'mabokosi kwa ana akamachotsa katundu m'nyumba za makolo awo, ndipo salemba mayina. Tsono tawaika m'bokosi la galasi lija, opanda kachitsulo pansi. Ndimawaona m'mawa uliwonse, ndi nsonga ija ndinapinda ndekha.

Lachiwiri a Norbert anandithirira khofi, theka la kapu. Anati chaka chamawa pa mndandanda pali malo amene munasiya, ndipo akufuna kuwerengapo anthu asanu ndi awiri aja. Anandifunsa mayina awo. Ndili ndi zaka 43, ndinakulira pa mwendo panu, ndipo ndinalibe ngakhale limodzi loti ndiwapatse.

Ngati mungalole, bambo, ndikupempha mayinawo, ndi midzi yawo, ndi amene ali wa mzere wachinayi.

Amake Overtone, mukafika apa ikani kalata pansi. Tengani pensulo ndi pepala, mukhale pafupi nawo. Musawafulumizitse.

Mwana wanu,
Wyson